Anyamata anga sakhazikika ndikamawaphunzitsa

Funso: Ndili ndi ana aamuna awiri, wazaka 5 ndi wazaka 7, ndipo ndimawaphunzitsa ndekha pakhomo. Ndikangotsegula buku, amayamba kulimbana kapena kuthamangitsa nkhuku. Kodi ndiziwakwapula? Mayi wa ku Lilongwe

Yankho: Mayi, chikwapu chisiyeni. Mwana wazaka 5 sangamvetsere kwa ola lathunthu, ndipo umenewo si mwano. Phunziro lizikhala la mphindi 10 kapena 15, kenaka atuluke akamenye mpira wachikulunga, abwerenso. Yambani m'mawa akangomwa phala.

Ndikuganiza kuti vuto lalikulu ndi kuwapatsa ntchito imodzi. Wamkuluyo akamakuwerengerani nkhani, wamng'ono aziumba zilembo ndi dongo kapena kulemba a, e, i, o, u pamchenga. Masamu nawo safuna kope nthawi zonse: awerenge zitsekerero za mabotolo, kapena wamkuluyo mum'tume tomato, awerengere yekha chenji pamaso panu. Akalakwitsa, mulekeni abwereze, musamuuziretu yankho.

Madzulo azisewera ndi anzawo, ndipo bambo awo aziwawerengerako nthano. Ngati mukufuna kuti adzalembe mayeso a MANEB a Sitandade 8, pezani mabuku a silabasi ya boma kuyambira panopa.