Mfungulo ya Mlembi Wokopera

Anzanga ophunzira, ndi inu aphunzitsi athu, ndifuna kukamba pang'ono za database. Database ndiyo nkhokwe ya m'kompyuta mosungira maina a ana a sukulu, mamalikisi ao ndi ndalama za fizi. Nkhokwe ikakhala imodzi yokha, tsiku limene kompyutayo iwonongeka zonse zatayika. Cifukwa cace anthu amaika kompyuta yaciwiri kuti izikopera zonse za yoyamba. Nchito imeneyi ichedwa replication.

Mu MySQL kompyuta yoyamba ichedwa source, yaciwiri replica. Source imalemba kusintha kuli konse m'buku lochedwa binary log, ndipo replica, monga mlembi, imafika pa khomo la nambala 3306 kudzawerenga bukulo. Koma mlembiyu sangalowe popanda dzina ndi cilolezo.

Coyamba, makompyuta awiriwa apatsidwe server_id yosiyana, monga 1 ndi 2. Caciwiri, pa source tipange dzina la mlembi:

CREATE USER 'mlembi'@'192.168.1.20' IDENTIFIED BY 'mau_acinsinsi' REQUIRE SSL;

Nambalayo ndiyo keyala ya replica. Wocokera kwina akanizidwa, angakhale adziwe mau acinsinsi. REQUIRE SSL iletsa akuba kumvera za m'njira. Cacitatu, timpatse cilolezo cimodzi cokha:

GRANT REPLICATION SLAVE ON *.* TO 'mlembi'@'192.168.1.20';

Pomariza, pa replica tilembe dzinalo ndi mau acinsinsi mwa lamulo la CHANGE REPLICATION SOURCE TO, limene linabwera mu 2021 m'malo mwa CHANGE MASTER TO, ndipo tinene START REPLICA.

Kapena wina afunsa kuti, bwanji osangogwiritsa nchito dzina la root, limene litsegula zitseko zonse? Yankho langa ndi ili: replica imasunga mau acinsinsi osabisika konse. Mbala ikawapeza a root, ingathe kusintha mamalikisi kapena kufufuta maina onse. Ikapeza a mlembi, ingowerenga buku lija. Nacenso ndi coipa, koma siingasinthe kanthu.

Ndikucenjezaninso kuti replica imatsata zonse, zabwino ndi zoipa zomwe. Munthu akafufuta kaundula pa source, nayonso ifufuta wace. Potero tisaleke kusunga backup pa malo ena.

Anzanga, wogwira nchito ya khomo limodzi mpatseni mfungulo ya khomo lomwelo basi.