Kodi Anthu Angakhale Popanda Boma?

1, 2. (a) Kodi ku Kitsiyatota kumachitika zotani? (b) Kodi malo ameneŵa amadzutsa funso lotani?

M'MPHEPETE mwa tauni ya Bindura, pamtunda wa makilomita pafupifupi 90 kuchokera ku Harare m'Zimbabwe, muli malo otchedwa Kitsiyatota. M'Chishona dzinalo limatanthauza kuti mphaka wanyowa. Nthaka ya kumeneko njokumbikakumbika, kwakuti woyendako usiku popanda nyali angagwere m'dzenje lakuya. Okumba maenjewo amatchedwa makorokoza, anthu ofunafuna golidi ndi fosholo, nyundo ndi chingwe, ambiri a iwo popanda chilolezo. Chapafupi pali mgodi waukulu wa Freda Rebecca, wokhala ndi mpanda, alonda ndi mapepala onse ofunika.

2 Apolisi athamangitsa okumbawo kangapo konse, koma iwo amabwererako fumbi la galimoto za apolisiwo lisanakhazikike nkomwe. Chotero ena amanena kuti kumaenjeko kulibe boma. Ambiri amatero modandaula. Komabe, pali chiphunzitso china chimene kwa zaka zoposa 200 chaumirira kuti anthu angakhale bwino koposa ngati boma litachotsedweratu. Kodi chiphunzitso chimenechi chimanenanji kwenikweni? Ndipo kodi chimaoneka motani chikayesedwa pamalo onga Kitsiyatota?

Zimene Okana Boma Amaphunzitsa

3. Kodi liwu lakuti anarchism limatanthauzanji, ndipo ndani anayala maziko ake?

3 Chiphunzitsocho chimatchedwa anarchism, liwu lochokera ku Chigiriki lotanthauza kusakhala ndi wolamulira. Ochikhulupirira amakana kwamtuwagalu kuti iwo amafuna chipwirikiti. Amati bata lenileni limadza pamene anthu agwirizana okha mwaufulu, popanda woŵakakamiza. William Godwin wa ku England anafotokoza lingaliro limeneli m'buku lake la mu 1793, ndipo mu 1840 Pierre-Joseph Proudhon wa ku France anakhala woyamba kudzitcha poyera kuti ali wokana boma. Iye anaphunzitsa kuti munthu amene amalemera ndi malo amene sawagwirira ntchito akudya thukuta la ena, ndi kuti boma ndilo mlonda wa kudya koteroko.

4. Kodi okana boma amaliona motani boma?

4 Nanga boma nchiyani? Max Weber wa ku Germany, amene sanali wokana boma, analongosola mu 1919 kuti ndilo gulu limene limati ilo lokha ndilo lili ndi kuyenera kwa kugwiritsira ntchito mphamvu m'dera lakutilakuti. Okana boma amavomereza malongosoledwe ameneŵa, ndiyeno amafunsa kuti: Kodi ndani analipatsa kuyenerako? Munthu wamba akalanda ndalama za mnzake amatchedwa mbala, akatsekera mnzake m'nyumba amatchedwa chigaŵenga. Boma likachita zofananazo, zimatchedwa msonkho ndi ndende. Ndiponso palibe khanda limene linafunsidwapo ngati likufuna kulamuliridwa. Limangobadwa, malamulo ali kale pakhomo.

5, 6. (a) Kodi Bakunin anatsutsana ndi Marx pankhani yotani? (b) Kodi okana boma anasiyana motani pa njira zawo?

5 Mikhail Bakunin wa ku Russia anapita patsogolo. Karl Marx anali kuphunzitsa kuti antchito alande boma ndi kuligwiritsira ntchito kufikira litafota lokha. Bakunin anayankha kuti wantchito amene wakhala pampando amaleka kukhala wantchito, ndi kuti boma la oukira lidzakhala lankhanza kuposa limene lagwetsedwa. Mkanganowo unafika pachimake mu 1872 ku The Hague, pamene Bakunin anachotsedwa m'chigwirizano cha antchito cha mitundu yonse. Awo amene pambuyo pake anazunzika m'misasa yachibalo ya Soviet Union sakanatha kunena kuti iye anakokomeza.

6 Pa njira yofikira cholinga chawo, okana boma sanamvane. Peter Kropotkin, amene anapenda zamoyo za ku Siberia, analemba mu 1902 kuti nyama ndi anthu amapulumuka kwakukulukulu mwa kuthandizana, osati mwa kulimbana. Leo Tolstoy anakana chiwawa chamtundu uliwonse, ndipo malingaliro ake anakhudza Gandhi, amene mu 1910 anakhazikitsa otsatira ake pafamu ya pafupi ndi Johannesburg yotchedwa ndi dzina la Tolstoy. Koma ena anasankha mpeni, mfuti ndi bomba. Pakati pa 1894 ndi 1901 iwo anapha pulezidenti wa France, mkazi wa mfumu ya Austria, mfumu ya Italy ndi pulezidenti wa United States. Mipando ya olamulirawo sinakhalitse yopanda munthu, ndipo apolisi anangowonjezeredwa mphamvu.

Pamene Mfundo Yawo Ili Yolimba

7. Kodi anthu a ku Nyasaland anafika motani kumigodi ya kufupi ndi Bindura?

7 Kungakhale kupanda chilungamo kunena kuti okana boma analakwa pa zonse. Mbiri ya olankhula Chicheŵa a ku Bindura imachitira umboni mbali yaikulu ya chinenezo chawo. M'ma 1890 atsamunda anaika msonkho wa nyumba m'Nyasaland. Mwamuna amene anali ndi nkhokwe yodzaza koma wopanda ndalama anakhala wamlandu mwadzidzidzi. Zikwi zambiri anayenda pansi milungu yambiri, kudutsa ku Tete ndi kuwoloka Zambezi, kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu a Southern Rhodesia. Kumeneko boma lina linawapatsa chitupa, ndipo kuthaŵa bwana wankhanza kunali mlandu wa ndende. Pamene antchito a mgodi wa golidi wa Shamva, kummaŵa kwa Bindura, ananyanyala ntchito mu 1927, ambiri a iwo anali a ku Nyasaland, ndipo boma silinaime kumbali yawo.

8. Kodi nchiyani chimene matchona ndi makorokoza achita popanda wowalamula?

8 Kropotkin akanakondwera kuona zimene matchona amenewo anachita m'makomboni. Popanda lamulo lililonse, iwo anapanga mabungwe a maliro, kusonkherana mwezi ndi mwezi kuti mlendo wofera kutali ndi kwawo aikidwe mwaulemu. Odwala anaphikiridwa, ofika kumene analandiridwa ndi anzawo a kumudzi. Makorokoza nawonso ali ndi dongosolo lawo. Amagwira ntchito m'timagulu ta anthu oŵerengeka, ena pansi, ena pachingwe, ndipo amagaŵana zimene apeza malinga ndi pangano la pakamwa. Munthu amene ali m'dzenje moyo wake uli m'manja mwa wogwira chingwe, ndipo sipafunikira wapolisi kuti chingwecho chigwiridwe zolimba.

9. Kodi Samueli anachenjeza Aisrayeli za chiyani?

9 Oŵerenga Baibulo sadabwa ndi chinenezo chimenechi. Pamene Aisrayeli anapempha mfumu, Samueli anawauziratu kuti iyo idzatenga ana awo aamuna kukhala asilikali, ana awo aakazi kukhala ophika, minda yawo yabwino kupatsa nduna zake, ndi limodzi la magawo khumi a dzinthu zawo. (1 Samueli 8:10-18) Palibe liwu la Bakunin limene limaposa chenjezo limenelo kuŵaŵa.

Boma Likachoka, Ndani Amatsala?

10, 11. (a) Kodi lamulo lakhudza motani okumba golidi? (b) Kodi ndani anadzaza mpata umene boma linasiya?

10 Komabe, nkhani ya kumaenje ili ndi mbali ina. M'Zimbabwe lamulo limafuna kuti golidi agulitsidwe kupyolera mwa Fidelity, ndipo wopezeka naye popanda chilolezo angamangidwe zaka zisanu. Chakumapeto kwa 2006 boma linayamba mkupiti wotchedwa Chikorokoza Chapera, ndipo anthu zikwi zambiri anagwidwa. Chikhalirechobe, m'zaka zapambuyo pake okumba aang'ono ndiwo anapereka golidi woposa theka la amene Fidelity inalandira. Wochuluka anatuluka mozemba: mu 2020 bungwe la International Crisis Group linayerekezera kuti golidi wa madola oposa 1.5 biliyoni anali kuzembetsedwa chaka chilichonse.

11 Munthu amene ntchito yake ili mlandu sangapite kupolisi akaberedwa. Achifwamba anadziŵa zimenezo. Mu 2019 magulu onyamula zikwanje, otchedwa maShurugwi, anasautsa madera a golidi a dzikolo, ndipo Bindura sanasiyidwe. Iwo sanali kuvutika ndi kukumba. Anali kudikira kuti ena apeze mwala wa golidi, ndiyeno nkulanda dzenje, matumba, ndipo nthaŵi zina moyo. Mu December chaka chimenecho gulu lotero linapha ngakhale wapolisi pamgodi wina ku Battlefields. Tsono taonani chimene chinachitika: gulu la amuna linadzitengera dera, linakhometsa okhalamo, ndipo linalanga okana. Zimenezo nzimene okana boma amaneneza boma. Kusiyana kwake nkwakuti kwa mwini chikwanje kulibe khoti lochitirako apilo.

12. (a) Kodi wokana boma angayankhe motani? (b) Kodi yankholo limasiya vuto lotani?

12 Wokana boma angayankhe kuti Kitsiyatota sali chitsanzo cha chiphunzitso chake. Angati boma lilipo ndithu kumeneko, popeza ndilo limapereka nthaka kwa makampani, limatcha wosauka mbala, ndipo akuluakulu ena anenezedwa kuti amateteza magulu achiwawawo. Yankho limeneli lili ndi choonadi. Iye angatchulenso Spain, kumene mu 1936 alimi ndi antchito a ku Catalonia ndi Aragon anayendetsa okha minda ndi mafakitale. Koma ngakhale kumeneko panakhala makomiti olamula, magulu ankhondo ndi kupha osagwirizana nawo, ndipo atsogoleri anayi a okana boma analoŵa m'boma monga nduna, zonse zisanathe mu 1939. Vuto lagona pano: chiphunzitsocho chimati mpando ndiwo umaipitsa munthu, koma sichifotokoza bwino chimene chimachititsa munthu wopanda mpando kunola chikwanje.

13. Kodi Baibulo limasiyana pati ndi Tolstoy?

13 Buku la Oweruza, limene limasimba za nthaŵi imene Israyeli analibe mfumu, limatha ndi nkhanza yochitidwa kwa mkazi ndi nkhondo imene inatsala pang'ono kufafaniza fuko la Benjamini. (Oweruza 19:22–21:25) Tolstoy anaona mu Ulaliki wa pa Phiri chifukwa chokanira makhoti ndi maboma onse. Koma Paulo, polembera Akristu a ku Roma mu ulamuliro wa Nero, anawalangiza kugonjera olamulira ndi kukhoma msonkho, pakuti ngakhale wolamulira wopanda ungwiro amaletsa wochita zoipa. (Aroma 13:1-7) Kugonjerako kunali ndi malire, popeza atumwi anakana kumvera lamulo lowaletsa kuchita chifuniro cha Mulungu. (Machitidwe 5:29) Iwo anakana lamulo limodzi ndi kulandira chilango chake. Sanayese kugwetsa bwalo limene linawaweruza.

Amene Analaŵadi Kusoŵa Boma

14. Kodi nchiyani chinachitika pamgodi wa Ran mu 2020?

14 Mu November 2020 mgodi wakale wa Ran, ku Bindura komweko, unagumuka ndi kudzaza madzi makorokoza ali mkati. Oŵerengeka anatulutsidwa amoyo, koma malipoti a panthaŵiyo anati pafupifupi 30 anatsekeredwa. Achibale anagona pamgodipo masiku ambiri. Manja ofunitsitsa kuthandiza analipo, koma madzi ochuluka motero satungidwa ndi ndowa. Panafunikira mapampu aakulu, magetsi ndi akatswiri. Anthu amodzimodziwo amene anali kuthaŵa akaona galimoto ya boma tsopano anali kuyang'ana kumsewu, nadandaula kuti boma likuchedwa.

15. Kodi lamulo la mu 2001 linakhudza motani zidzukulu za matchona?

15 Ndiyeno pali zidzukulu za matchona aja. Mu 2001 lamulo la unzika la Zimbabwe linasinthidwa. Aliyense amene akanatha kukhala nzika ya dziko lina chifukwa cha makolo ake anafunikira kukana unzika umenewo m'miyezi isanu ndi umodzi. Ambiri obadwira m'makomboni a migodi ndi m'mafamu, amene sanaonepo Dedza kapena Angónia ndi maso, sanathe kuchita zimenezo. Zimbabwe anawatcha alendo, ndipo m'mabuku a Malaŵi, Mozambique ndi Zambia munalibe maina awo. Ambiri sanathe kuvota mu 2002. Kholo lopanda chitupa linalephera kulembetsa kubadwa kwa mwana, ndipo mwana wopanda chikalata anavutika kulemba mayeso ndi kupeza ntchito yolembedwa. Kwa mnyamata wotero, dzenje la golidi ndiwo malo amodzi amene safunsa mapepala. Malamulo aakulu a dzikolo a mu 2013 anabwezera unzika kwa obadwira m'Zimbabwe amene kholo lawo linachokera kumaiko oyandikana nawo a m'chigawochi. Koma mu 2021 bungwe la Amnesty International linapeza kuti ambiri anali akali opanda zikalata, chifukwa kalaliki amafuna umboni wa makolo amene anamwalira kalekale osasiya pepala lililonse.