Pa mabwinja a Fort Lister



Ine ndinakulira kwa Jenala, ndipo phiri la Michesi ndakhala ndikuliona chibadwire. Koma Fort Lister ndinkangoimva m'kalasi basi. Mwezi wathawu ine ndi mnzanga tinakwera kabaza mpaka pa boma la Phalombe, kenako tinalowera mumpata wa pakati pa Michesi ndi phiri la Mulanje, pomwe pali mabwinja a linga limeneli.

Ndisaname, malowa ndi okongola moti munthu umayamba kuyankhula monong'ona osadziwa chifukwa chake. Zipupa zinagumuka, udzu unamera m'kati momwe kale munkagona asilikali, mapiri awiri akuyang'anizana uku ndi uku, kamphepo kayaziyazi. Mnzanga uja anayamba kujambula zoti aike pa Facebook. Ine ndinangokhala pamwala, mtima uli myuu.

Lingali linamangidwa mu 1893, nthawi imene Harry Johnston ankalamulira dziko lino m'dzina la Britain. Mpata umenewu inali njira ya akapolo. Anthu ogwidwa m'midzi ankadutsitsidwa pano, goli lili m'khosi, kupita kunyanja yamchere cha ku Quelimane, ku Mozambique. Kumbali ina ya phiri la Mulanje kunamangidwanso Fort Anderson, cholinga chake chomwecho, kutseka njira. Ambiri mwa asilikali a Johnston anali ma Sikh ochokera ku India. Tisaiwalenso kuti boma lomwe linathetsa malonda a akapololi ndi lomwenso linabweretsa msonkho wa nyumba. Nkhani zakale sizikhala ndi mbali imodzi ayi.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi manda. Pamalopa anaikidwa mzungu wina, Gilbert Stevenson, msuweni wa mlembi wotchuka Robert Louis Stevenson. Papita zaka zoposa 100, koma dzina lake likudziwikabe, alendo amabwera kudzaona pomwe anagona. Nanga mayi uja anadutsa apa ndi mwana kumbuyo, akucheukira kwawo komaliza, dzina lake ndani? Alibe chipupa, alibe mwala, alibe kope lomwe analembedwamo. Bwinja lomwe latsala ndi la anthu amene anali ndi njerwa ndi cholembera.

Tsono apa pali nkhani yowawa yomwe achinyamata achisilamu timakonda kuilambalala. Ena mwa mafumu amene ankachita malondawa kuzungulira phiri la Mulanje, monga Matipwiri ndi Mkanda, anali Ayao, mtundu womwe ambiri a ife tinachokera. Tikamva zimenezi timafulumira kunena kuti azungu ndiwo analemba mbiriyo mokondera. Mwina penapake anakonderadi. Koma anthu anagulitsidwa, ndipo wowagulitsa sanali mlendo yekha. Ku madrasa timaphunzira mmene Abu Bakr anaombolera Bilal kwa mbuye wake amene ankamuzunza, ndipo timaikonda nkhaniyo. Sitingaikonde ya ku Makka n'kumathawa ya pa Phalombe pompano. Lero mu mzikiti timaima mzere umodzi, phewa ndi phewa, zidzukulu za omanga goli ndi zidzukulu za omangidwa, ndipo ambiri sitinafunsepo kuti kwathu tinali mbali iti.

Pobwerera ndinakumbukira agogo anga aakazi. Dzuwa likamalowa ankatikalipira kuti tisamasewere kutali, "akugwirani anthu." Ife tinkaseka, poganiza kuti ndi zoopsezera ana. Sindinawafunsepo kuti mawuwo anawamva kwa ndani.

Agogowo anatisiya, Allah awachitire chifundo. Koma mchemwali wawo alipo, maso anafooka koma mutu ukugwirabe bwinobwino. Lachisanu likudzali tikatuluka ku Juma ndikupita kwa iwo ndi kope komanso kapaketi ka shuga, ndikawafunse mayina a makolo awo mpaka pomwe angakumbukire, ndi mudzi womwe anachokera. Amene muli kwa Jenala kuno ndipo mukufuna tipitire limodzi, tikumane pakhomo pa mzikiti swala ikangotha.