Malangizo kwa ophunzira alendo ku Bunda

Lero tikulankhula ndi ophunzira ochokera kunja amene ali ku LUANAR, ku Bunda, ndipo akufuna kuthandiza mongodzipereka m'sukulu za ku Mitundu.

Musangotulukira m'kalasi. Yambani mwaonana ndi mphunzitsi wamkulu komanso komiti ya sukulu. Chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, makalasi ngodzaza, choncho pemphani kagulu ka ana ovutika kuwerenga, muzikhala nawo sabata iliyonse mpaka teremu ithe. Kubwera kawiri kenaka zii, kumangosokoneza ana. Zojambula ana popanda chilolezo, ayi ndithu.

Patchuthi berekani chikwama, mukakwere phiri la Nkhoma kudzera pa Nathenje ndi Kamphata. Lawirirani, poti minibasi sinyamuka isanadzaze. Neti ya udzudzu musaiwale.