Malikisi okha asagamule matenda a gogo

Anzanga a m'zipatala, tikambirane za mafunso aja timayezera okalamba amene abale awo akudandaula kuti ayamba kuiwalaiwala.

Otchuka kwambiri ndi a MMSE, omwe Marshal Folstein ndi anzake anatulutsa ku America mu 1975. Malikisi ake onse ndi 30. Wodwala amauzidwa kuti achotsere 7 pa 100 mobwerezabwereza, awerenge mawu olembedwa n'kuchita zomwe akunena, alembe chiganizo komanso akopere chithunzi. Nanga gogo amene sanapondeko m'kalasi? Alephera ndithu, chonsecho pamsika palibe angawabere chenji. MoCA, ya Ziad Nasreddine wa ku Montreal, imawonjezera malikisi amodzi kwa amene anaphunzira zaka 12 kapena zosakwana apo, koma amodziwo ndi ochepa kwa munthu wosagwirapo cholembera. Choncho yambani ndi kufunsa kuti sukulu analekezera pati, ndipo yankho mulilembe pambali pa malikisiwo m'buku lawo la kuchipatala. Kwa osaphunzira ilipo IDEA, yomwe inakonzedwa ku Hai, ku Tanzania. Mwa zina, munthu amatchula nyama zomwe angakumbuke m'mphindi imodzi ndi kuyala timitengo ta machesi motsanzira chitsanzo.

Onaninso ngati akumva ndi kuona bwino, ndipo afunseni m'chiyankhulo chawo. Wowaperekeza asamawayankhire.

Mukatha, mutengereni pambali wowaperekezayo mumufunse kuti zinayamba liti. Funso limeneli ine ndimaliona lolemera kuposa malikisi onse aja. Dementia imabwera pang'onopang'ono, miyezi kapena zaka. Ngati sabata yatha gogo ankalima bwinobwino koma lero akubwebweta, akusinza masana n'kumalongolola usiku, ganizirani za delirium. Yezani malungo ndi shuga, fufuzani chibayo ndi matenda a m'njira ya mkodzo, onaninso mankhwala omwe akumwa. Ameneyo ndi wofunika chithandizo lero lomwe, asauzidwe zobweranso mwezi wamawa. HIV ndi chindoko nazonso zimasokoneza ubongo.

Matenda a kukhumudwa nawo amaiwalitsa munthu. PHQ-9, yomwe ilipo m'Chichewa, ili ndi mafunso 9 okhudza masabata awiri apitawo, ndipo malikisi ake amafika 27. Funso lomaliza ndi la maganizo ofuna kufa kapena kudzipweteka. Ambirife timalilumpha chifukwa cha manyazi, makamaka pamaso pa munthu wamkulu. Lifunseni modekha muli awiri. Kufunsa sikudzala maganizowo mwa munthu. Akavomera, kaya malikisi achepa bwanji, asachoke asanaonedwe ndi wodziwa za matenda a maganizo.

Ndipo abale asatuluke ndi pepala lokha. Auzeni mosapita m'mbali kuti gogo akasochera usiku n'kupezeka pakhomo pa eni ake, ndi ubongo womwe ukudwala, si ufiti. Apempheni kuti akafotokozenso zomwezo kwa anansi ndi kwa amfumu.