Nkhanza zopanda chibakera

Mu 2006 akuluakulu a France Télécom, kampani ya mafoni ya ku France yomwe pano imatchedwa Orange, anagwirizana kuti antchito 22,000 akhale atachoka pomatha zaka zitatu. Koma panali chopinga. Ambiri mwa anthuwa analembedwa ntchito kampaniyo ikadali ya boma, ndipo malamulo sankalola kuwachotsa mwachisawawa. Mabwana anapeza njira ina: kuwatopetsa mpaka achoke okha. Mkulu wa kampaniyo, Didier Lombard, anauza mamanijala chaka chomwecho kuti anthuwo atuluka basi, kaya ndi pakhomo kaya ndi pawindo.

Panalibe kumenya munthu ayi. Bambo amene wakalambira pa mapolo, akulumikiza mawaya, ankangouzidwa kuti kuyambira tsopano azikhala pampando, zomvera zili m'makutu, n'kumatsatsa malonda pafoni kwa makasitomala okwiya, uku kompyuta ikuwerenga mphindi iliyonse. Wina ankamusamutsira kumzinda wakutali, kusiya banja m'mbuyo. Akati azolowere, kalata ina yafika. Ena ankangowasiya opanda chochita tsiku lonse, anzawo akuwaona. Choipitsitsa, kwa ine, n'chakuti bonasi ya mamanijala ena inkadalira kuchuluka kwa anthu amene achoka m'dipatimenti mwawo. Mukalipira munthu kuti mnzake atope, mukuyembekezera kuti atani?

Nkhanza zotere zimadya ngati chiswe m'nsanamira, kunja kukuoneka bwinobwino. Munthu amayamba kusowa tulo. Likafika Lamlungu madzulo mtima uli phaphapha, chakudya sichikulowa, ana akangoseka pang'ono wawakalipira. Akapita kuchipatala amapatsidwa mapilitsi ogonetsa ndi masiku opuma, kenako n'kubwerera pampando womwe uja. Madokotala a pakampanipo ndi mabungwe a antchito anachenjeza, koma mabwana anagontha m'kutu. Mu 2008 ndi 2009 antchito 35 anadzipha, ndipo ena anasiya makalata onena mosabisa kuti ntchito ndiyo yawafikitsa pamenepo. Mu Seputembala 2009 Lombard anatchula imfazi kuti ndi fashoni, mawu amene pambuyo pake anapepesa.

Inu amene mumalemba ndandanda ya mashifiti, inu kapitawo, inu osayina makalata osamutsa anthu, dziwani kuti Lombard sankayenda yekha ofesi ndi ofesi kuchotsa anthu pamipando. Nkhanzazo zinkadutsa m'manja mwa anthu a pakati ngati inu, amene mwina kunyumba ankadziwika ndi ulemu, ndipo aliyense ankati akungotsatira zimene zachokera kumwamba. Wantchito amene wangoyamba kukhala phee mumsonkhano, amene kale ankaseka pa tiyi koma pano amadyera yekha, musafulumire kumulemba kuti ndi waulesi.

Mlandu wa Lombard ndi anzake unatenga zaka khumi kuti ugamulidwe. Khoti la ku Paris linaunika nkhani za antchito 39, mwa iwo 19 anali atadzipha, ndipo mu Disembala 2019 linapeza Lombard, akuluakulu anzake ndi kampaniyo olakwa pa mlandu wozunza antchito kudzera m'ndondomeko ya kampani. Khoti lalikulu la dzikolo linatsimikiza mfundoyi mu Januwale 2025. Kampani inalipitsidwa mayuro 75,000, chindapusa chachikulu chimene lamulo linkalola. Lombard analipitsidwa mayuro 15,000, ndipo atachita apilo mu 2022, chilango chake chokhala m'ndende chaka chimodzi chinaimitsidwa chonse bola asapalamulenso.