Kuphunzitsa Ana Kuleza Mtima ku Mangochi

Pophunzitsa ana za kuleza mtima ku Sande sukulu, ndimawafotokozera mbiri ya mishoni ya Livingstonia, imene inakhazikitsidwa ku Cape Maclear m'chaka cha 1875. Malungo anapha amishonale angapo, ndipo panatha zaka zoposa zisanu popanda wobatizidwa. Woyamba anali Albert Namalambe, mu 1881. Mishoniyo itasamukira ku Bandawe chaka chomwecho, Dr. Robert Laws anasiya ntchito ya ku Cape Maclear m'manja mwake.

Khalidweli limandiyesa inenso. Usipa ukachuluka, ana ambiri amajomba kutchalitchi chifukwa chothandiza makolo awo kuuyanika pathandala. Akabweranso sindiwakalipira, timangoyambiranso phunziro lomwe lija. Ndaona kuti pa nthawi yotere anawo amayang'anitsitsa nkhope yanga asanayambe kumvetsera za Namalambe.